Kampira ka ku Joni

Msana wanga unakalamba ine mwini ndikadali mnyamata. Unakalambira ku Joni, pa ntchito za eni ake, ndipo nditabwera nawo kuno ku Nsambe unatsala pang'ono kundithetsera banja. Nkhaniyi anthu a m'mudzi muno amaikamba mmene akufunira. Ena amathiramo mkazi wa Chizulu, ena amathiramo chithumwa. Onsewo ndi abodza, ndipo ambiri mwa iwo sanadutsepo ndi pa Mwanza pomwe. Mu nkhani imeneyi munali kampira kobiriwira kothothoka ubweya, beseni la madzi otentha, ndi mbuzi imodzi imene mpaka lero ikandiona imayang'ana kumbali.

Ndinachoka kuno nditakhala pamwamba pa matumba a mbatatesi, pa lole yotsikira ku Mwanza. Ine ndine mkamwini, ndipo mkamwini wa nyumba ya udzu yodontha sayenda momasuka pakhomo pa apongozi. Akazi anga, amake Tadala, anandiperekeza mpaka pamsewu, Tadala ali kumsana, asanamere ndi dzino lomwe. Sanalire. Anangondikonza kolala ya malaya n'kunena kuti, "Malata akakwana mubwere. Musakakhale mtchona."

Ndinalonjeza kuti chimanga chikamacha ndidzakhala nditafika. Mwayi wake sindinatchule kuti chimanga cha chaka chiti.

Za m'njira sindikumbuka zambiri, kupatula kutentha kwa ku Tete ndi mapazi amene anatupa m'basi mpaka nsapato kukana. Ntchito imene ndinakaipeza inali yoyala njerwa pansi, m'mabwalo a anthu olemera, kuti matayala a galimoto zawo asaponde dothi. Kwathu njerwa timamangira nyumba, kumeneko amaziyalira galimoto. Munthu unkagwada m'mawa n'kudzaweramuka dzuwa litalowa, ndipo poweramukapo unkachita kuupempha kaye msanawo. Kapitawo wathu ankadziwa liwu limodzi lokha m'chilankhulo chilichonse, lakuti fulumira. Ngakhale m'Chichewa ankalidziwa, ndipo mpaka lero ndimafuna nditamupeza Mmalawi wosakonda abale ake amene anamuphunzitsa.

Tinkagona m'garaja ya mayi wina, amuna okhaokha ochokera kuno kumudzi, matiresi atagundanagundana. Madzulo tikaweruka, munthu wodutsa panja akanati ndi chipinda cha amayi obereka kuchipatala. Wina akubuula apa, wina akuitana mayi ake apo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake tonse tinkawadziwa. Kwathu mwamuna akathyoka ndi ntchito, mkazi wake amatenthetsa madzi, n'kuviika kansalu, kukafinya, n'kumamuthowa nako msana, akudinikiza pomwe pakuwawa mpaka thupi lilefuke. Ketulo tinali nayo, madzi analipo, nsanza sizinkasowa. Ankasowa ndi manja. Mwamuna mnzako angakubwereke nsapato, angakugawire ndiwo zake zomaliza, ukakomoka angakubereke mpaka kuchipatala, koma zoti akuvule malaya n'kumakusisita, zimenezo ayi. Mkulu wina wa ku Ligowe anayeserapo kupempha tsiku lina. M'garaja monse aliyense anayamba kuyang'ana foni yake, ngakhale amene inali itamuthimira.

Amene anatipulumutsa ndi a Jailosi, bambo wa ku Matope, mkulu kwa tonsefe. Kwawo anali msodzi pa Shire, koma ku Joni ankasamalira maluwa kwa dona wina wachizungu. Tsiku lina analowa akumwetulira, dzanja lili m'thumba la ovolosi.

"Aphwanga, ndakubweretserani dokotala," anatero, n'kutulutsa kampira ka tenesi kotafunidwa mbali imodzi.

"Dokotala wake ndi ameneyu?" ndinafunsa.

"Ameneyu. Ndaona ndi maso angawa. Dona amaima kukhoma, kampira kali kumsana, akutsika, akukwera, maso atatsinzina. Galu ali pambali, kudikira kuti amubwezere."

"Ndiye kuti mwaba mpira wa galu, a Jailosi?"

"Sindinabe. Galuyo anakakwirira yekha m'maluwa, ndipo za m'maluwa zonse mwini wake ndine."

Tinawaseka mpaka misana inatikumbutsa kuti kuseka nakonso n'kowawa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo tsiku limenelo womva kwambiri ndinali ine. Ndinavula malaya n'kuima kukhoma. A Jailosi anandilangiza ngati anachita kukaphunzira kusukulu. Kampira kakhale pa mnofu, m'mbali mwa fupa la msana, pafupa penipeni ayi. Utsamire pang'onopang'ono, upinde mawondo, kazigubuduka kokha. Ukapeza pamene pali mfundo, pomwe pakukupatsa maganizo otukwana, uime pomwepo, utulutse mpweya wonse mofatsa, udikire.

Ndinapapeza. Ululu unathamanga kuchokera paphewa mpaka m'khutu, ndipo ndinatchula mawu amene mkulu wa mpingo sangakhululuke msanga. Kenako, ndikupuma monga anandiuzira, mfundo ija inayamba kusungunuka. Ndinamva kutentha kukutsika m'mkono mpaka ku zala. Misozi inatuluka yokha, ndipo anzanga ndinawauza kuti ndi fumbi la simenti.

Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse pankakhala mzere. Makoma anali odzaza ndi zikwama, ndiye tinkatsamira chitseko chachikulu cha garaja, chachitsulo, chimene chinkalira mpaka kumsewu. Mayi mwini nyumba analowera khomo la kumbali tsiku lina, kudzaona ngati tatsegula tchalitchi osamuuza. Anapeza mwamuna wandevu, wopanda malaya, akutsika ndi kukwera pa chitseko, anzake atandanda akumuuza kuti achite changu. Anagwira pakamwa n'kubwerera chafutambuyo. A Jailosi anapukusa mutu n'kuti, "Joni watisandutsa mbuzi, aphwanga. Taonani tikudzikhula kukhoma."

Kampira kamodzi pa gulu lonselo kanali kochepa, ndiye anthu anayamba kufufuza zina. Ine, pokhala mwana wa ku Nsambe, ndinayesa mbatatesi yaikulu. Inagwira ntchito bwino tsiku loyamba, lotsatira inang'ambika, ndipo tinaiphika ndi tomato. Wina anayesa anyezi, n'kutuluka ndi fungo loti kapitawo anamupatsa pogwira payekha, kutali ndi anthu. Pamapeto tonse tinabwerera kwa dokotala wathu wakale. A Jailosi anaika lamulo loti wokhalitsa pachitseko azitsuka mapoto, ndipo ine mapoto ndinawatsuka kwambiri. A Jailosiwo ankatibweretseranso uthenga wa galu uja. Ankati wakumba maluwa onse a dona pofunafuna kampira kake, ndipo iwo monga wantchito wokhulupirika amamuthandiza kufuna.

Kampirako sikankachiza msana wokha. Mapepala anga ondiloleza kukhala m'dzikomo atatha, ndinaphunzira kuti mantha amakhala m'khosi. Ukaona galimoto ya apolisi pakona, khosi linkauma ngati chikuni, n'kukhala choncho mpaka mawa. Panalinso nthawi imene eni dziko anatikwiyira ife obwera. Tinkamva phokoso kumsewu, ndipo tinakhala masiku angapo titadzitsekera, osapita kuntchito, osayatsa ndi wailesi yomwe. Masiku amenewo palibe ankaseka, chitseko chachitsulo chija palibe ankachikhudza. Kampira kankangoyenda mwakachetechete, kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Wina akukaponda ndi phazi n'kumakagubuduza pansi, wina wakagonera, wina podikira akudzitikita m'khosi ndi zala zazikulu. A Jailosi ankangonong'ona kuti, "Pumani. Amene akupuma sanafe." Ndinkaopa kwambiri, sindibisa, ndipo kupuma kumeneko ndi kumene kunandiletsa kupenga.

Kumudzi zimenezi sindinkazinena. Ndikaimba foni, amake Tadala ankafunsa kuti muli bwanji, ine n'kuti ndili bwino kaya inu, iwo n'kuti tili bwino. Zochepa zimene ndinkapeza ndinkatumiza, ndipo nyumba inkakwera m'zithunzi za pa foni: maziko, mawindo, denga, kenako khonde la zipilala ziwiri. Chithunzi sichionetsa kuti mchenga ndi madzi zili kudambo, kumunsi kwa phiri, pomwe nyumba ili pamwamba.

A Jailosi anatopa ife tisanatope. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, mawondo anakana maluwa, ndipo anati akufuna akaonenso Shire akadali ndi maso. Tsiku lowaperekeza ku basi anandikokera pambali n'kundifumbatitsa kampira.

"Sungani, aphwanga."

"Nanga inu msana wanu?"

"Ine ndikupita kumene kuli manja."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zawo za masiku onse. Ndinakhala nako kampirako zaka zina zambiri, garaja ikusintha anthu, ine ndilipobe. Ndinafika pokhala katswiri, obwera kumene n'kumanditchula kuti adokotala. Panali malo amodzi okha amene kankalephera kufika, kunsi kwa phewa la kumanzere, m'mbali mwa fupa. Ndikati ndikafikitse pamenepo kankaterereka n'kugwa. Ululu wa pamenepo ndinabwera nawo kumudzi pamodzi ndi wailesi ndi mabulangete.

Ndinafika masana pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Nyumba inalipodi, malata akuwala. Mtsikana wamtali anatuluka, n'kugwada patali, kundipatsa moni wa alendo a kumpingo, ndipo anachita kundiuza ndi anthu kuti ameneyo ndi Tadala. Amake anali ndi imvi pafupi ndi khutu. Anali atayamba geni yogula mbatatesi kwa alimi, ndipo ndinawamva akulankhula pa foni ndi woyendetsa lole, mawu ake ondikumbutsa kapitawo wanga.

Mwamuna wochokera kuulendo amafuna apeze cholakwika, kuti anthu adziwe kuti mwini nyumba wafika. Ndinazungulira nyumba yonse manja ali kumbuyo, ndipo ndinachipeza pakhonde. Ngodya ya chipilala chimodzi inali itadyeka, yosalala ndi yakuda, pomwe chipilala chinzake chinali bwinobwino.

"Apa pachitika chiyani, amake Tadala?"

"Ndi mbuzi," anayankha msanga, akuyang'ana kwina. "Imadzikhula."

Malo odyekawo ankafika m'chifuwa mwanga. Munthu wanzeru akanafunsa ngati mbuziyo imakwera pa mpando. Ine ndinangoti ziweto za masiku ano zilibe mwambo, n'kugwira mbuzi ya mkota imene inkabzikula pabwalo, kukaimangirira ku mtengo wa pichesi kuseri ndi chingwe chachifupi. Ndinaiuzanso mawu angapo okhudza kudula kwa simenti.

Dzuwa litapendeka, alendo atabalalika, amake Tadala analowa m'chipinda atanyamula beseni likufuka nthunzi. Paphewa anali ndi thaulo latsopano, mizere ya mmene analipindira kusitolo ikuonekabe. Anagwada n'kuika beseni pansi.

"Vulani malaya, bambo a Tadala. Ulendo unali wautali."

Ku Joni munthu wabwino ndi amene savutitsa mnzake, ndipo ine ndinali nditakhalitsako. Ndinkafunanso akazi anga aone kuti wabwera ndi mwamuna wotsogola, wosafuna kugwadiridwa.

"Musavutike, amake Tadala. Zimenezo ndinathana nazo kale."

Ndinatulutsa kampira m'chikwama n'kuima kukhoma. Ndinawaonetsa zonse, mmene umapindira mawondo, mmene umapumira, ndikufotokoza ngati wa pa wailesi. Nditapeza mfundo ndinatsinzina n'kubuula mokhutira. Potsegula maso ndinali ndekha m'chipinda, ndipo kuseri ndinamva madzi akukhuthulidwa pansi.

Mawa lake beseni linabweranso, ine n'kuthokoza mwaulemu, n'kupita kukhoma. Linabweranso tsiku linalo, madzi n'kuzizirira pomwepo. Kenako linasiya kubwera. Mawu nawo anachepa m'nyumba, anatsala akuti chakudya chapsa ndi akuti tsekani chitseko. Ine ndinkati mwina akazi anga atopa ndi geni.

Zimene zinkakambidwa ku mjigo ndinali womaliza kuzimva. Kuno mwamuna wochokera kutali sakana madzi a mkazi wake popanda chifukwa. Akawakana ndiye kuti mtima anausiya kwina, kapena wamva zoipa za mkaziyo ndipo sakufuna kuti manja ake amukhudze. Madzi otayidwa kuseri kwa nyumba akufuka nthunzi, anansi amawaona. Ena ankati kampirako anandipatsa ndi mkazi wa ku Joni, kali ndi mankhwala oti wina asandigwire. Koma ambiri anasankha nkhani yokoma kuposa imeneyo, yoti ndamva za amake Tadala ndi oyendetsa malole. Mayi amene anandidikira zaka zonsezo osapatuka, tsopano ankati akafika pa mjigo anzake n'kudula nkhani. Ine nthawi imeneyo ndinali wotanganidwa kulimbikitsa abambo a kumpingo kuti aliyense apeze kampira kake.

Tsiku lina masana ndikuchokera kudimba, ndinapeza chikwama changa cha ku Joni chili pakhonde, chotseka bwinobwino. Pambali pake panakhala ankhoswe. A mbali ya akazi anga anali a malume awo, a Chimbalanga, munthu wokalamba woyenda chowerama ndi ndodo, amene akazi awo anamwalira kalekale. A mbali yanga anali achimwene anga aakulu, atavala jekete lawo la kumaliro. Amake Tadala anakhala pansi kumapeto kwa khonde, miyendo atatambasula, maso ali pa zala zawo. Mkamwini akaona chikwama chake panja safuna womasulira. Malata ndinatumiza ndine, koma dothi limene nyumbayo yakhalapo ndi la kwawo kwa mkazi. Komabe si malata amene anandidetsa nkhawa. Ndinaona kuti mayi amene ndinapitira ku Joni akundichoka ine ndili pakhomo pomwepo, ndipo chifukwa chake sindinkachidziwa.

"Akamwini," anayamba a Chimbalanga titalonjerana, "mwana wathuyu munamumvera zotani?"

"Palibe chimene ndamva, apongozi."

"Kumene munaliko munasiyako munthu?"

"Ndinasiyako amuna okhaokha, m'garaja."

Achimwene anatsokomola n'kundiuza kuti ndiziyankha zimene ndafunsidwa basi.

"Nanga madzi ake mukuwakaniranji?" anapitiriza a Chimbalanga.

Ndinafotokoza za msana, za Joni, za kusafuna kuvutitsa munthu. Anandilamula kuti chinthucho chituluke. Nditaika kampirako pansi, a Chimbalanga anakokera mapazi awo kumbuyo, n'kukagubuduza ndi nsonga ya ndodo.

"M'katimu muli chiyani?"

"Mpweya, apongozi."

"Anakupatsani ndani?"

"A Jailosi, a ku Matope."

"Iwowo anakatenga kuti?"

Ndinayang'ana achimwene, achimwene n'kuyang'ana kudenga.

"Kwa galu."

Kuseri mbuzi inalira.

"Ndiye mukutiuza kuti," anatero a Chimbalanga mofatsa, "mwana wa mlongo wanga wapikisana ndi chidole cha galu, n'kugonja?"

Achimwene, pofuna kundipulumutsa, anati ndionetse mmene kamagwirira ntchito, anthu aone okha kuti mulibe zamatsenga. Ndinavula malaya pamaso pa apongozi, chinthu chimene sindingamufunire ngakhale mdani wanga. Kukhoma la pakhonde kunali kutatsamira ankhoswe, ndiye ndinapita pa chipilala chodyeka chija. Ndinaika kampira kumsana n'kupinda mawondo. Thukuta linali kamukamu, ndipo kampira kanaterereka n'kugubudukira pabwalo. Msana wanga unagwera pa ngodya ya chipilala.

Ngodya ija inalowa kunsi kwa phewa la kumanzere, pamalo paja kampira kanalephera zaka zonse. Inalowa ngati anachita kuyeza. Sinkabaya, sinkaterereka, inali yosalala mmene msana umafunira. Ndinaiwala ankhoswe, ndinaiwala mlandu, ndinatsinzina n'kuyamba kutsika ndi kukwera, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Koma mbuzi imeneyi ndi yanzeru."

Ndili chitsinzinire choncho, mawondo opinda, ndinazindikira kuti ndafupika kufika pa msinkhu wa munthu wina amene ndimamudziwa. Ndinatsegula maso. Amake Tadala anali akundiyang'ana, koyamba m'masiku ambiri.

"Si mbuzi," anatero.

Ankhoswe onse anatembenukira kwa iwo.

"Mchenga wa nyumba ino unakwera phiri ili pamutu panga, bambo a Tadala. Madzi oumbira njerwa, pamutu panga. Matumba a mbatatesi, aganyu akathawa, mukuti ankakweza ndani? Ndikaweruka ndinkadikira anthu alowe m'nyumba zawo, n'kubwera apa kudzadzikhula ngati chiweto. Ndikanakuuzani bwanji tsiku lofika, anthu ali pabwalo, kuti amene wadya chipilala ndi mkazi wanu?"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Thaulo lija ndinaligula denga lisanakwere. Ndinkati tsiku lina adzabwera, ndidzamuthowa, ndipo akadzamva bwino adzatembenuka n'kundifunsa kuti nanga iwe pakuwawa ndi pati. Ndi zokhazo zimene ndinkadikira, malata ayi. Inu mwabwera ndi kampira, ndipo lero mudzi wonse ukuti ndine wa madalaivala."

Ndinaima pamenepo wopanda malaya, msana uli pa chipilala, manyazi ndi chisoni zitandigwira pamodzi. Mawu aja amene a Jailosi ananena pa basi anandipeza tsiku limenelo, atachedwa m'njira kuposa ine. Iwo ankadziwa kuti kampira n'ka munthu amene alibe womugwira. Ine ndinafika kumene kuli manja, n'kupita kukhoma. Ndinagwada pa simenti, pamaso pa ankhoswe, n'kuwauza akazi anga kuti sindinamve kanthu za iwo, sindinawakayikirepo n'kamodzi komwe, ndipo ngati akufuna ndikanena zimenezi pa mjigo pomwe, nditasenza ndowa.

A Chimbalanga anagogoda pansi ndi ndodo.

"Ine milandu ya maukwati ndakhalira yambiri. Ya mowa, ya mitala, ya ndiwo zopanda mchere. Koma wa anthu awiri a nyumba imodzi, wina akudzikhula m'kati, wina akudzikhula panja, ndi woyamba uno. Chikwama chilowe. Madzi atenthe lero, ndipo atenthetse ndi akamwiniwa, utsi wake uoneke mudzi wonse."

Anadzuka movutikira n'kupita pamene kampira kanaima. Ulendo uno sanagwiritse ndodo. Anakatola ndi dzanja, kukafinya pang'ono, n'kukalowetsa m'thumba la malaya.

"Aka ndikasunga ine, ngati umboni." Atafika pafupi nane anatsitsa mawu. "Munati pafupa penipeni ayi, eti?"

"Pa mnofu, apongozi. Ndipo muzipuma."

Sindinawakanize. Mkuluyo amakhala yekha, ndipo a Jailosi akanavomereza. Mpaka pano odutsa kuseri kwa nyumba yawo madzulo amamva umboni uja ukugwira ntchito.

Ankhoswe atapita, amake Tadala anati ndiyambe ndamasula mbuzi yawo. Ndinaimasula, ndinaipatsa ndi makoko a mbatatesi, koma sinadye mpaka nditachokapo. Kenako ndinakoleza moto pabwalo, poonekera, n'kuikapo nkhuni zaziwisi dala kuti utsi ukwere. Amayi opita ku mjigo anayamba kuyenda pang'onopang'ono podutsa, ndipo ine ndinawapatsa moni mmodzimmodzi, ndikukupiza moto.

Beseni ndinalowa nalo ndekha m'chipinda. Ndinaviika thaulo lija, n'kupsa zala, n'kuligwetsa, madzi n'kutayikira pa mphasa. Zaka zonse zija anthu ankanditchula adokotala, koma kufinya thaulo lotentha sindinkadziwa. Amake Tadala anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chibwerere, n'kundionetsa kuti umagwira kunsonga n'kupotokola. Atatero anatembenuka n'kutsitsa bulauzi. Pakati pa mapewa awo panali khungu lakuda, lolimba ngati la kuphazi, pamene chipilala chinkafika.

Ndinagwada kumbuyo kwawo, thaulo likufuka m'manja.

"Nanga inu, amake Tadala, pakuwawa ndi pati?"

Mapewa awo anatsika pang'onopang'ono.

"Yambirani paliponse, bambo a Tadala," anatero. "Simuphonya."